Nkhope Yodziwika Pamtima

Chipumireni pa ntchito, bambo a nyumba yapakona amadzitcha katswiri wojambula nkhope, chonsecho pensulo aigwira dzulodzuloli. Aliyense amamujambula manja ali m'thumba poti zala zimawavuta. "Luso lili m'mutu, osati m'maso," amatero.

Tsiku lina akazi awo anatchena n'kukhala pampando kuti ajambulidwe. Bambowo sanadzutse n'komwe mutu.

"Tandiyang'anani, bambo a ana."

"Ndiyang'anirenji? Nkhope imene ndimaikonda ndimaidziwa pamtima."

Atamaliza, mayiwo anayang'anitsitsa pepalalo. Makutu anali ngati zogwirira kapu, mphuno yokhota. Chinatuluka bwino n'chimodzi chokha: kachipsera kapachibwano, kamene ali nako mayi wosoka zovala woyandikana nawo.

"Mwaidziwadi pamtima," anatero mayiwo. "Kaperekeni kwa eni ake, mukadyere konko."