Selula ya Apulofesolo ndi Thadzi la Amayi

Nthawi ya nkhondo, sikola yathu ya ku Nsadzo inali pansi pa mtengo wa mango, poti denga la kalasi linapsa. Mphunzitsi wathu, amene tinkangowatchula kuti apulofesolo, anachokera ku Tete. Anali woonda ngati mpini wa khasu, chifukwa msewu unali woopsa ndipo chakudya chawo sichinkafika.

Tsiku lina anatiuza kuti thupi la munthu limapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselula. Makina oonera tinthuto kunalibe, ndiye anati dzira ndilo lingatithandize. Mnzathu wina anabwera nalo m'mawa mwake.

Apulofesolo analiswera m'mbale. “Kachikopa kopyapyala aka ndi membrana, mpanda wa selula. Choyerachi ndi sitoplazima, mmene ntchito zimagwirikira. Chachikasu pakatipa ndi nukleyo, bwana wolamula zonse.” Kenako anasonkha moto, ati tione chimene kutentha kumachita ndi selula. Tinaonadi. Selulayo inapsa bwinobwino, apulofesolo nkuithira mchere.

Mawa lake anati sitinamvetse, pabwere dzira lina. Tinabwereza phunzirolo mpaka mvula inagwa. Ngakhale mwana wogona m'kalasi, ukamudzidzimutsa ankakuwa kuti, “Nukleyo!”

Ndiye inakwana nthawi yanga. Kwathu kunatsala thadzi limodzi lokha, nkhuku zina zonse anadya asilikali, a mbali iyi ndi a mbali inayo. Linali litafungatira mazira, ndipo amayi ankalilondera kuposa mmene ankatisamalira ife. Anapiye amenewo ndiwo akanabwezeretsa khola. Koma wobwera wopanda dzira ankabwezedwa, ndipo ine sikola ndinkaikonda. Ndinalira mpaka amayi anatopa nane. Anapisa dzanja pansi pa thadzi, likuwajompha, nanyamula dzira okha mpaka ku mtengo wa mango, ali lunda.

“Nali dzira lanulo, apulofesolo. Ndikhala pompano, nane ndiione selulayo.”

Apulofesolo analiswa mchere uli kale pambali. M'mbalemo munagwa kamwanapiye kosakhwima, ka maso aakulu, kokulungidwa ndi timitsempha tofiira. Ine mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa kanali kathu.

Apulofesolo anakayang'ana nthawi yaitali, nkukankhira mchere kutali. Kenako anayamba kulankhula motsitsa mawu. Anati kameneka kanayamba ngati selula imodzi yokha. Inagawikana kukhala awiri, awiriwo kukhala anayi, mpaka ena anasanduka maso, ena mtima, ena mafupa. “Inunso munayamba chomwecho m'mimba mwa amayi anu,” anatero. Anaululanso kuti chachikasu chija si nukleyo kwenikweni, koma kamba wa kamwanapiye. Tsiku limenelo ndi limene ndinaimvetsa selula.

Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pa thalauza la apulofesolo lomangidwa ndi luzi.

“Bambo inu,” anatero, “mukanangonena kuti muli ndi njala. Chinangwa chilipo. Taonani, mwandiphera nkhuku yathunthu.”

Kuyambira pamenepo makolo ankatumiza chinangwa mosinthana, ndipo mazira otsalawo anaswa bwino. Sabata yotsatira apulofesolo analengeza kuti selula yatha, tsopano tiyamba kuphunzira za mafupa ndi minofu. Nditakawauza amayi, anangonyamula thadzi ndi anapiye ake, nkukawatsekera kuchipinda kwawo.