Khola la Achedwa

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinatola kamba m'munda wa kachewere kwathu ku Nsambe. Unali mwezi wa Juni, nthawi imene chifunga chimagona pamapiri mpaka dzuwa litakwera, moti munthu akamabwera m'njira umayamba wamva kutsokomola kwake usanamuone. Kambayo anali wamng'ono, wokwana m'manja mwangamu, ndipo chigoba chake chinali zii ngati mwala wa mumtsinje. Achimwene anga a Yohane atamuona anaseka nati, "Wapeza mnzako woyenda naye kusukulu." Ine ndinali mwana wochedwa pa chilichonse, wongoima panjira kuyang'ana mitambo. Kambayo anamutcha Achedwa, dzina n'kukhala lomwelo.

Ndinamukonda kwambiri. Nkhuku zinali za amayi, mbuzi za abambo, koma uyu yekha anali wangawanga. Vuto linali lakuti sankadya. Ndinkamuthyolera mpiru wa kudimba, iye osatulutsa n'komwe mutu. Ndikamuika pakhutu ndinkangomva kampweya kapansipansi, ndipo mtima unkandiuza kuti akufa ndi chisanu.

Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, anali owotcha njerwa. Sabata imeneyo anali atazimitsa uvuni kuseri kwa nyumba yathu, akuphwasula pang'onopang'ono. Uvuni umasunga kutentha masiku angapo. M'mawa ife ana tinkakonda kutsamira m'mbali mwake, msana ukufunda, mphuno zikumva fungo la dothi lopsa, kutsogolo kuli mbuu, dziko lonse litasowa m'chifunga. Ndili chitsamire choncho m'pamene nzeru zinandibwerera.

Ndinadikira amalume apite kukatunga madzi. Ndinakulunga manja ndi chiguduli n'kusolola njerwa za m'kati, zotentha zenizenizo. Zina ndinayala pansi, zina ndinamanga mbali zonse zinayi osasiya mpata ngakhale wolowa nyerere. Ndinaikamo Achedwa, pamwamba n'kuvundikira chidutswa cha lata. Ndinapita kusukulu ndikudziona ngati mmisiri wamkulu wa m'boma lonse la Neno.

Zimene aphunzitsi ananena tsiku limenelo sindinamveko n'chimodzi chomwe. M'maganizo ndinkaona Achedwa atatambasula miyendo, akutafuna mpiru, akundithokoza m'chinenero chawo. Sindinazindikire kuti chifunga chinachoka msanga, ndipo dzuwa linatuluka ndi ukali.

Nditabwerako masana, lata linandiwotcha zala. Achedwa anali pakona, khosi lonse lili panja, kukamwa kukutuluka thovu. M'makona onse anayi munali mikwingwirima ya zikhadabo zake. Anali atazungulira khola lonse kufuna potulukira, ndipo paliponse anapeza chikondi changa chitatseka njira. Ndinakuwa. Ndinamunyamula kuthamangira ku ndowa ya madzi kuti ndimuviikemo, koma amalume anandigwira mkono.

"Ayi, Esinati. Njerwa yotentha ukaithira madzi ozizira imang'aluka. Bwera naye kuno."

Anamuika pamthunzi wa mtengo wa nachesi, n'kumamuwaza madzi ndi nsonga za zala, pang'onopang'ono ngati akudalitsa mwana. Ine ndinangokhala pansi ndikusisima. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndimakumbukira mithunzi ya masamba ikuyendayenda pachigoba, ndi njiwa ina ikulira kumunsi kwa phiri. Kenako diso limodzi la Achedwa linaphethira, khosi n'kubwerera m'kati. Sindinasangalalepo choncho m'moyo wanga, ndipo sindinachitepo manyazi choncho.

Ndinkayembekezera mkwapulo, koma amalume anangogumula khola langa n'kuyamba kumanga lina ndi njerwa zozizira, lalitali ngati mkono wawo kawiri. Kumapeto kumodzi anaika njerwa yofunda imodzi yokha, yokulungidwa m'chiguduli. Asanaiike anaigunditsa patsaya panga.

"Ikukuwotcha?"

"Ayi, malume, ikungofunda."

"Basi, ndiye yabwino. Chimene tsaya lako lakana, usapatse mnzako."

Kumapeto kwinako anaunjika udzu wouma, anaikako kambale ka madzi, n'kusiya pamwamba poyera. Ndinadandaula kuti uko kukhala kozizira.

"Eya, kuzizire," anatero. "Kodi iwe uli m'chigobamo? Akudziwa kuti wafunda mokwana ndi mwini wake. Ntchito yako ndi kumusiyira kopita."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkagona chafufumimba pambali pa kholalo n'kumaonerera. M'mawa Achedwa ankatsamira njerwa yofunda ija monga ife pa uvuni. Dzuwa likakwera ankanyamuka, phazi ili, phazi ilo, ulendo wonse wopita ku udzu, osafunsa munthu. Patapita masiku anayamba kudya mpiru. Mvula yoyamba itagwa ndinam'bwezera kumunda kuja, ndipo analowa m'tchire osacheuka, zomwe zinandiwawa ndithu.

Chaka chatha amalume aja, atakalamba ndi kuferedwa, ndinawatenga kuti azikhala nane ku Lisungwi kumene ndimasoka zovala. Chifuwa chinkawavuta, ndipo ine ndinachita mantha. Ndinawafunditsa mabulangete awiri, mawindo ndinatseka, panja ndinawaletsa, tiyi naye osaduka. Ku Lisungwi, kotentha kuja! Anapirira sabata yathunthu. Tsiku lina ndikuwakonzera bulangete anandiyang'ana ndi maso oseka nati, "Esinati, wayambanso kumanga mbali zonse zinayi?"

Ndinaima bulangete lili m'manja. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti tsiku lija ndinaphunzira kuweta kamba. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa kuti munthu ukamakonda ndi mantha umatseka paliponse, ndipo wokondedwayo amazunzika mwakachetechete poopa kukukhumudwitsa. Ndinatsekula windo, ndinatulutsa mpando wawo n'kuuika pansi pa mtengo wa mango. Bulangete ndinalisiya pabedi, poti akalifuna alipeze okha.