Pulasitala pa Mphuno ya Amuna Anga

Amuna anga anagonekedwa m'chipatala ku Kwekwe fumbi la mumgodi litawatseka m'chifuwa. Anawaveka masiki yolimba, ya malamba omanga kunkhongo, yokankha mpweya. Nesi anatiuza mosabisa kuti masikiyo ikangokana kukhala pankhope, munthu wapita.

Tsiku lachiwiri nditatsika kombi ya ku Mbizo masana, ndinapeza mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga woyamba, atafika kale. Anali ndi sizasi, akudula kapulasitala kofewa ngati siponji n'kumamata apongozi ake pamphuno ndi m'masaya. Ndi zala zake! Kwathu mpongozi sayang'ana n'komwe apongozi aamuna m'maso, koma uyu akuwasisita nkhope, uku akunong'onezana Chishona ndi nesi.

"Mukuwamata chiyani?" ndinafunsa.

"Amai, masiki inodya ganda," anatero m'Chishona chakecho, kutanthauza kuti imadya khungu. "Ikafinya malo amodzi pamabuka chilonda. Aka n'kotchinga khungu."

"Mankhwala a chipatala amatuluka m'chikwama chanu?"

"Ndagula kufamasi, amai. Kuno atha."

Nesi anaseka. "Gogo, muroora wenyu ane njere." Ati mpongozi wanga ndi wanzeru.

Ine sindinaseke. Nyumba ya ku Mbizo inali m'dzina la amuna anga, ndipo ndinkaona mmene mtsikanayu ankayezera makoma ake ndi maso.

Iye ankafulumira kukatenga ana kusukulu, ine ndinkatsala. Akangotuluka, ndinkakweza masiki pang'ono, n'kumatula kapulasitalako, n'kukataya panja. Kenako ndinkakoka malamba zolimba kuti mpweya usathawe. Manesi ankati likumatula ndi thukuta. Amuna anga sankatha kulankhula. Tsiku lina anandigwira dzanja, misozi ikutsikira m'makutu. Ndinati, "Gonani bambo, ine ndilipo."

Pamphuno panafiira, kenako panada, pofika Lachisanu panatseguka mpaka fupa kuoneka. Masiki inakana kukhala. Akaimanga ankaphupha ndi ululu, akaimasula mpweya unkangotulukira m'mbali, fyii. Anamwalira Lamlungu, anthu akutuluka m'tchalitchi.

Pa nthawi yoona nkhope, alongo awo ochokera ku Makwasha anaima pabokosi osasuntha.

"Mlamu, nkhopeyi yatani? Achimwene analowa m'chipatala ndi mphuno yawo."

Ndinaloza ndi mlomo kuseri kwa nyumba, komwe mpongozi ankatsuka mbale za anamfedwa. "Funsani amene ankawamata zinthu."

Mwana wanga anamva. Sanakafunse nesi, sanafunse mkazi wake. Patatha sabata anamukweza basi ya kwawo ku Gokwe ndi chikwama chimodzi. Adzukulu anga anatsala ndi ine.

Ndinapita nawo pokwerera basi kuti ndione ndi maso anga kuti wakweradi. Atakhala pansi anatsegula zenera n'kundiyang'ana.

"Amai, Lachitatu ndinabwerera ambulera yanga. Ndinakuonani."

Anandionadi. Koma akanauza ndani? Mwamuna wakeyo ndinamuyamwitsa ine.

"Tsekani zeneralo," ndinatero. "Msewu wa kwanu ndi wa fumbi."