Odi, Lowani, Ndamva

Mwana wanga woyamba anakhala masabata asanu alibe dzina, ndipo mlandu unali wanga. Sikuti ndinalankhula mawu oipa kwa wina aliyense. Vuto linali loti sindinalankhule mawu alionse.

Tinkakhala ku Estates, m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya anthu ena. Amuna anga ankagwira ntchito ku fakitale ya feteleza. Mchombo wa mwana utagwa, iwo anati dzina lichokera kwa atate awo. Apongozi angawo anagwira ntchito ya njanji kuno ku Kafue zaka zambiri, m'kanyumba ka masiginolo pafupi ndi siteshoni, ndipo atapuma anabwerera kwawo, kutsidya kwa malire, ku Malawi. Ine ndinali nditawaona kamodzi kokha, pa ukwati wathu, ndipo chimene ndinaona bwino ndi nsapato zawo.

Foni wamba ikadutsa malire imadya tokitaimu ngati moto wa paudzu, choncho tinkatuma, kapena nditi kuimba, ya pa intaneti. Amuna anga anawatumira n'kuwauza kuti mwana ndi wamwamuna, akudikira dzina.

"Dzina sindikuuza iwe," anatero apongozi. "Iwe umalawira m'mawa, umabwera dzuwa litalowa. Ndiuza amake, amene adzaliitana tsiku lonse."

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, amuna anga anatuma n'kundipatsa foni. Ndinakonza chitenje, ndinagwada pa simenti, foni ndinaigwira ndi manja awiri. Ndinkadziwa kuti sakundiona, koma mawondo anga sankadziwa zimenezo.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

Alangizi anandiphunzitsa kuti wamkulu akalankhula suyankha ngati ukugulitsa tomato. Umayang'ana pansi, mawu ake ayambe akhazikika, kenako n'kuyankha motsitsa. Sukulu ndinalekera giredi sikisi, koma phunziro limeneli ndinakhoza kuposa onse, chifukwa manyazi ndinabadwa nawo kale. Ndinayang'ana pansi. Pamene ndinkatsegula pakamwa ndinamva, "Halo? Halo?" kenako kaphokoso kaja ka foni yoduka.

"Manje wakamba chani?" anafunsa amuna anga.

"Nenze nikali kuyembekeza."

"Kuyembekeza chani? Basi ya ku Lusaka?"

Anatumanso. Ulendo uno ndinafulumirako. Ndinanena kuti, "Taswera bwino, kaya inu atate," koma mawuwo anamveka m'khosi mwanga mokha. Foni inadukanso. Lamlungu lotsatira zinachitika chimodzimodzi, lotsatiralonso chimodzimodzi. Ine mumtima ndinati apongozi sakundifuna, n'chifukwa chake akundidulira. Kenako azakhali awo a amuna anga anabwera ndi uthenga wochokera kumudzi: madala akudandaula kuti mpongozi wawo wa m'tauni ndi wonyada, akangomva mawu awo amadula foni.

Kukiliniki ba nesi anatsegula khadi la mwana n'kuloza mzere wapamwamba.

"Dzina?"

"Sitinapatsidwe."

"Mwana wa mwezi? Mumuitana shani, mumamuimbira likhweru?"

Amayi a pabenchi anaseka. Ba nesi analemba kuti mwana wa uje, n'kuikapo dzina langa, ngati katundu wotumiza pa basi. Pampopi anzanga anayamba kundiitana kuti amake Uje, ndipo ndinkayankha. Kutchalitchi abusa analengeza kuti Lamlungu lomaliza la mwezi adzapempherera makanda, aliyense abwere ndi dzina lolembedwa bwino.

"Ngati zakanga, tizasankha chabe la m'Baibulo," anatero amuna anga, akuyang'ana kukhoma. Ndinadziwa tanthauzo lake. Atate awo sakanaiwala zimenezo mpaka kumanda, ndipo nkhani ikanati mkazi ndiye anasokoneza banja.

Loweruka kunabwera mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga. Iye amakwera minibasi m'mawa uliwonse kupita ku Lusaka, kumene amaika mafoni a m'maofesi, aja oyenda pa waya wa intaneti. Ndi iyeyo amene anagulira atate ake foni imene inkandizunzayo. Pakamwa pake palibe chitseko. Anakhala pa mpando, n'kuvula nsapato, n'kuyamba kutafuna chinangwa chootcha chimene anagula pa steji.

"Mulamu, nionetse mwamene umachitira."

Ndinagwada, n'kugwira sopo ngati foni. Iye ananena moni ndi mawu a atate ake. Ine ndinayang'ana pansi. Anaseka mpaka chinangwa chinamutsamwa.

"Ndiye matenda aya. Bwera, nikuonetse."

Anatenga mapatapata anga awiri, lina anaika pakhomo, lina pafupi ndi mbaula.

"Iyi ni foni yako, iyo ni ya atate. Uganiza ukatuma, anthu ndiye amayamba kukamba? Iyayi. Mafoni yamayamba kupatsana moni yekayeka, iwe usanamve kalikonse. Yako imati, odi. Makina ya pakati yamati, yembekezani, tikali kuwasakila. Yakawapeza, ya atate imati, nilira, mwine wake akalibe kunigwira. Atate akayankha, imati, lowani. Manje mvera apa. Yako ifunika kuyankha kuti, namvera. Ikakhala zii, ija imabweza, lowani. Lowani. Lowani. Ikalema imati, kulibe munthu, n'kuvala chitseko, yaduka."

"Foni imalema?"

"Imalema, ili na nthawi yake. Siingaime pakhomo usiku wonse mpaka mailo. Manje foni yako ilibe mulandu, imayankha bwino. Amene satuma namvera ndiwe."

Ndinati ndimayankha ndithu, koma mwaulemu.

"Ulemu wako siukwera pa netiweki, mulamu. Ukakhala chete, foni siituma kalikonse, olo kupuma kwako, imasunga bando ya intaneti. Kuja kumamveka monga kumanda. Elo mawu yamachedwa panjira. Iwe wayembekeza, njira nayo yayembekeza, atate aona monga wadula, wayenda kukasamba, naonso aika foni pansi."

Kenako anandiuza za kanyumba ka masiginolo. Ali mwana ankapititsa chakudya cha atate ake kumeneko, ndipo ankawaona akuliza belu lopita ku siteshoni ina. Wa kumeneko ankayenera kuliza mobwereza, chimodzimodzi. Akapanda kubwereza, sitima sinkasuntha, ngakhale mutakwera ndani.

"Zaka zonse zija munthu aliza belu, ayembekeza yankho. Uganiza angapatse dzina ku waya wosayankha?"

Sabata yonseyo ndinaphunzira kunena kuti ndamva. Ndinkauza ndowa pochapa matewera. Ndinkauza mbaula. Sitima ikalira kutsidya kwa msewu ndinkaiyankha. Tsiku lina mayi mwini nyumba anandipeza ndikuuza chingwe choyanikira zovala kuti, "Ndamva, atate," ndipo anabwerera mwakachetechete. Madzulo ake anabwera kudzandipempherera.

Linafika Loweruka lomaliza, mawa lake kutchalitchi. Amuna anga anaima pakhomo, mlamu anakhala pabedi atanyamula mwana. Foni mlamuyo anaiika pokweza mawu kuti tonse timve. Ndinagwada. Inalira, ndipo ndinaganiza za mapatapata aja akupatsana moni kwinakwake pamwamba pa mtsinje wa Luangwa.

"Mwaswera..."

"Ndamva, atate!"

Ndinawadula pakamwa. Mawu anatuluka aakulu ngati a kondakitala woitana anthu a ku Lusaka. Mlamu anabisa nkhope kumsana kwa mwana. Apongozi anakhala chete, poganiza kuti ndili ndi zambiri zoti ndinene. Ine ndinakhala chete, podikira kuti amalize moni wawo. Kenako tonse tinayamba nthawi imodzi, tonse tinasiya nthawi imodzi. Ulemu unadzaza waya wonse kuchokera ku Kafue mpaka kumalire, moti panalibenso poti mawu adutse.

"Halo?" anatero apongozi. Ndinkadziwa kuti halo wachiwiri akubwera, ndipo pambuyo pa wachiwiri kumabwera chiyani ndinkadziwanso.

Mwana sanapite kwa alangizi. Anali atangoyamwa, ndipo anageya. Sikunali kugeya kwa khanda, kunali kwa munthu amene wamaliza chibuku. Kenako analira, kulira kwenikweni, kosapuma.

Mu foni munamveka kuseka, kenako chifuwa, kenako kusekanso.

"Ameneyo ndiye wayankha belu. Musiyeni alire, ndidziwe kuti njira ili yotsegula. Amayi, mulipo?"

"Ndilipo, atate."

"Mumandiduliranji foni?"

"Sindidula, atate. Ndimakhala ndagwada."

"Mwagwada." Anakhala kaye chete, koma mwana ankalirabe, ndiye palibe amene anaopa. "Pano sizioneka zimenezo. Dzukani, simenti ya ku Estates ndikuidziwa. Tsono tcherani khutu, ndinena kamodzi."

Sindinadzuke. Ananena dzinalo pang'onopang'ono, ngati akuwerenga nambala ya sitima. Amuna anga anatulutsa mpweya pakhomo paja. Mlamu anayang'ana kudenga, akudziletsa kuseka.

Linali dzina lawo lomwe. Mwana anamutcha dzina la iwo eni.

"Bwerezani," anatero apongozi. "Uthenga wosabwereza sunafike."

Dzina la apongozi mpongozi satchula. Zimenezo ngakhale mwana wa giredi wani amazidziwa. Masabata asanu ndinadikira mawu amodzi, ndinagwada mpaka mawondo anada, ndipo atafika anali mawu okhawo m'dziko lonse amene pakamwa panga saloledwa.

"Ndamva, atate."

"Mwamva chiyani?"

Mlamu ankandikodola kuti nena, nena. Amuna anga ankapukusa mutu kuti usayerekeze. Mwana anayamba kutonthola, ndipo ndinaona kuti chete uja akubwereranso.

"Ndamva dzina la eni ake a foni imene ndikulankhula nayo, atate. Lafika lonse, silinaduke panjira."

Anaseka nthawi yaitali, bando ikupita.

"Ku njanji akanakuchotsani ntchito," anatero. "Koma lafika. Sitima ipite."

M'mawa mwake abusa anafunsa dzina, ndipo amuna anga ndiwo anayankha. Kukiliniki ndinapita ndi kapepala kolemba mlamu. Ba nesi anawerenga, n'kundiyang'ana.

"Simungakambe mweka?"

"Ni dzina la apongozi."

"Oho," anatero, n'kufufuta mwana wa uje uja. Sanafunsenso.

Pampopi anasiya kunditcha amake Uje. Amanditchula ndi dzina la mwana, ndipo ndimayankha msanga, chifukwa kulimva sikoletsedwa. Ndi apongozi timalankhulana Lamlungu lililonse. Akamalankhula ndimati ee, ee, ee, ngati nkhunda, kuti waya usagone, ndipo iwo amauza anthu kumudzi kuti mpongozi wawo wa ku Kafue amavomera chilichonse.

Mwanayo tsopano ali ndi zaka zitatu. Ine, amene ndinasankhidwa chifukwa ndidzaliitana tsiku lonse, sindinalitchulepo ndi kamodzi komwe. Ndimamuitana kuti atate. Ndimati, atate, bwerani ndikupukuteni mamina. Atate, tsikani pa tebulo. Atate, mwakodzeranso pa mphasa. Dzulo anatenga foni yanga n'kuthawira nayo kuseri kwa chimbudzi, ndipo ndinaima pakhomo ndikuitana, atate, atate, atate. Ankandimva bwinobwino. Anangokhala chete, akuyang'ana pansi.