Bondo lamanzere

Viza yanga inali itatsala ndi masabata asanu pamene ndinaona bondo la munthu uja.

Ndiyambe ndi ntchito. Nditamaliza digiri yachiwiri kuno ku Glasgow ndinagogoda paliponse pamene panali chitseko, ndipo amene ananditsekulira ndi kakampani kena ka ku Govan, m'nyumba yakale yoyang'anana ndi kumene amakhomera sitima zapamadzi. Ntchito yake inali yoonera mpira wa ku America pakompyuta. Ine mpira umenewo ndinali ndisanauonepo chibadwire. Mpira wake ngati papaya, amuna ake ovala zisoti ngati akabaza a njinga zamoto: kuthamanga pang'ono, kugundana, kugwa mulu umodzi, kudzuka, kukanong'onezana, kuyambiranso. Tsiku loyamba ndinkayesa vidiyo ndiyo ikudukaduka.

Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndinaphunzira. Timu yomwe ili ndi mpira imachita chimodzi mwa ziwiri, kuuponya kutsogolo kuti wina awakhe, kapena kuupereka m'manja mwa munthu kuti athamange nawo. Timu inayo ntchito yake ndi kumugwetsa. Kampani yathu inali ndi kasitomala wamkulu mmodzi, timu ya akatswiri ku America. Sabata iliyonse tinkaonera masewero akale a timu yomwe akakumane nayo Lamlungu, n'kulemba mmene imasewerera ikakhala ndi mpira: akaima chonchi amaponya, akaima chonchi amathamanga, uyu amakonda kukhotera uku. Lachitatu masana lipoti linkayenera kukhala litafika kwa makochi.

Tinalipo anthu anayi aganyu, ndipo malo okhazikika, amene kampani imakusainira mapepala a viza, anali amodzi okha. Anzanga atatuwo anali obadwira konkuno. Kwa iwo kulephera kunali kukafunsira kwina, kwa ine kunali kulongedza. Mwana wanga wamkazi anabwera kuno ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo pofika nthawi ya ganyuyi ndikamufunsa m'Chichewa ankandiyankha m'Chingerezi cha ku Govanhill, dera lomwe tinkakhala, chimene ine mayi wake ndinkachita kutchera khutu. Za viza sankadziwa kalikonse. Masutikesi anali pamwamba pa wodirobu, ndipo m'mawa uliwonse povala ndinkapewa kuyang'ana m'mwamba.

Bwana wathu anali mayi wa konkuno, wamtali, wosadziwa kuzungulira polankhula. Lachisanu lina anandiitana n'kundiuza kuti malipoti anga ndi aukhondo, alibe cholakwika, koma mulibe chimene kompyuta singachipeze payokha. Anati akufuna chinthu chimene ndaona ine, chimene makochi a ku America sanachione, ndipo anawonjezera kuti pamisonkhano ndimangokhala duu. Ndinayankha kuti ndamva, manja ndili nawo pamodzi ngati ndili mu ofesi ya ahedi. Kenako ndinapita kuchimbudzi n'kukalira ndi mkwiyo. Moyo wanga wonse anandiphunzitsa kuti pamaso pa akuluakulu sulankhula usanafunsidwe, lero ulemu womwewo wasanduka mlandu.

Lamlungu kutchalitchi amayi ena a Mvano anandigwira dzanja titaweruka. "Asisi, zampirazo zisiyeni, tapangani apulayi ku keya, kosamalira okalamba, mwina angakusponsareni viza," anatero. Ndinawauza kuti ndinafunsira kale malo atatu ndipo palibe anandiyankha. Anandipempherera pomwepo pakhomo, kamvula kakuwaza, ine maso ndili tong'o kuwerenga masabata mumtima.

Lolemba anandipatsa munthu mmodzi woti ndimuonere, wothamanga ndi mpira wa timu yomwe tinkakumana nayo. Anali wachikulire m'masewerowo, wa zaka zopitirira makumi atatu, khosi ngati mtondo. M'mawa wonse ndinalemba zomwe aliyense akanalemba, ndipo pofika masana mtima unali utagwa. Ndinasiya kudumphitsa vidiyo. Nthawi zonse woyimbira akangoliza wezulo tinkathamangitsa vidiyo kupita pa sewero lotsatira, chifukwa zapakatipo si mpira. Tsiku limenelo, chifukwa chosowa mtengo wogwira, ndinangoisiya kuti iziyenda. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine sikunali kudekha, kunali kutopa.

Mulu wa anthu unaphwasuka ndipo iye anatsala pansi. Anaponda ndi mwendo wamanja, anaika chikhatho pabondo lamanja, anadzikankha, mwendo wamanzere n'kubwera pambuyo ngati wobwereka. Anayenda mapazi awiri mosamala. Kenako anacheukira kumene kumaima makochi ake, anawongoka, n'kuyamba kuthamanga ngati mnyamata. Ndinaimitsa vidiyo. Kadzukidwe kameneko ndinkakadziwa.

Ababa anga ankanyamula matumba padepoti ina ku Limbe, ndipo bondo lamanzere linawavuta zaka zambiri. Kunyumba ku Bangwe ankatsimphina poyera, amayi n'kumawathowa ndi madzi otentha. M'mawa tinkayendera limodzi, ine ndikupita kusukulu, ndipo tikafika pakona yoyandikira geti ankaima, kupuma kawiri, kuwongoka, n'kulowa akuyenda ngati alibe vuto. Anabisa choncho nthawi yaitali. Anadzawagwira ndi kapitawo wina wamaso, amene sanawaone ponyamula koma podzuka pansi atatha kudya masana. Mwezi womwewo anawauza kuti akapume kaye, ndipo sanawaitanenso. Ndinali fomu 2. Kapitawo ameneyo ndinamuda ndi mtima wanga wonse, ndipo dzina lake kwathu sitinkalitchula.

Ndinabwerera m'masewero akale a munthu uja. Kumayambiriro kwa chaka ankakhotera mbali zonse ziwiri. M'masewero atatu omalizira sanaponde mwamphamvu ndi mwendo wamanzere ngakhale kamodzi, ankangokankhira pa wamanja n'kukhotera kumanzere. Matimu amalengeza mayina a ovulala sabata iliyonse, ndipo lake panalibe. Ndinawerenganso kuti kontirakiti yake inali kutha chaka chomwecho. Apa ndinadziwa kuti sakubisira ife tokha, akubisiranso mabwana ake.

Lachiwiri ndinalemba malipoti awiri. Loyamba linkati munthuyu masiku ano akukhotera kumanzere kokha, mudikireni kumeneko. Linali loona, ndipo likanakwanira kumugwira. Koma pa nthawi ya tiyi ndinamva mnzanga wa desiki yoyandikana akuuza wina zomwezo, kuti manambala akuonetsa kuti akukonda kumanzere. Lachiwirilo linkanena chifukwa chake. Linali ndi mawu akuti bondo lamanzere, ndi tizidutswa ta vidiyo tosonyeza mmene amadzukira.

Sindikufuna kunama kuti sindinkadziwa. Ndinali nditaonera mpirawo miyezi yokwanira kudziwa chimene amuna olemera ngati ng'ombe amachita ukawauza pamene mnzawo pakumupweteka. Malamulo amalola kugwetsa wothamanga pomugwira miyendo. M'basi pobwerera ndinayesa kupemphera, koma ndinasowa chopempha, chifukwa zimene ndinkafuna zinali ziwiri ndipo sizinkagwirizana. Ndinadziuza kuti munthuyo ndi wolemera, ali ndi nyumba ndi madokotala, pamene ine ndili ndi masutikesi awiri. Ndinadziuza kuti ndi ntchito chabe. Mwina kapitawo uja naye ankadziuza zomwezo, koma maganizo amenewo ndinawakankhira kutali.

Lachitatu m'mawa mwana anandipatsa kalata yakusukulu yoti ndisaine. Inali ya ulendo wa kalasi yake wokagona kumapiri m'mwezi wa Meyi. Anali atasankha kale mnzake wogona naye chipinda chimodzi, ndipo ankalankhula mofulumira, mkamwa muli buledi, ine osamva theka la mawu ake. Meyi anali kutali kwambiri ndi masabata anga asanu. Ndinasaina, ndinamuperekeza pageti la sukulu, ndinakwera basi. Nditafika mu ofesi sindinavule n'komwe jekete. Ndinatumiza lipoti lachiwiri lija.

Pasanathe ola bwana anabwera pa desiki yanga, chinthu chimene anali asanachitepo. Anakoka mpando n'kuonera nane tizidutswa tija, kenako anati ndibwereze.

"Waona bwanji zimenezi?" anandifunsa.

"Bambo anga ankadzuka choncho," ndinatero.

Anamwetulira n'kunena kuti ndi nkhani yokoma. Anandisisita paphewa n'kupita kukaimba foni ku America.

Masewerowo anali Lamlungu madzulo ndipo sindinawaonere. Ndinachapa, ndinasita mayunifomu, ndinaluka mwana tsitsi mpaka anadandaula kuti ndikukoka kwambiri. Koma ntchito yathu ilibe kothawira, chifukwa Lolemba m'mawa vidiyo yonse inali pa kompyuta yanga kuti ndiilembe sewero ndi sewero. Kuyambira pachiyambi ndinaona kuti anyamata a timu yathu akumulowera m'munsi. Kawiri anadzuka, chikhatho pabondo lamanja, kucheuka, kuwongoka. Kachitatu wina anamulowera ndi phewa pabondo lamanzere mwendo uli chipondere, ndipo bondolo linapindikira kumene bondo silipindikira. Woyimbira sanaone cholakwa, ndipo mwa malamulo panalibedi. Munthu uja anayesa kudzuka. Anaponda ndi mwendo wamanja, anaika chikhatho pabondo, anadzikankha, n'kugweranso pansi. Anamutulutsa pakagalimoto atadziphimba nkhope ndi thaulo.

Ndinayenera kubwereza malo amenewo kanayi kuti ndilembe bwino: anapatsidwa mpira ndani, analowera mbali iti, anamugwetsa ndani. Kumapeto kwa mzere kuli kabokosi kochonga ngati wina wavulala. Ndinachonga.

Masana bwana anandiitana. Anati makochi alemba imelo yothokoza, ndipo malo aja ndi anga, mapepala a viza ayamba sabata yomweyo. Ataona nkhope yanga anawonjezera kuti ndisadziimbe mlandu, bondo lotero likanatha ndithu tsiku lina, kaya ndi ife kaya ndi ena. Mwina ankanena zoona. Ndinathokoza ndi manja awiri. Ndipo ndinene poyera, ndinasangalala. Ndinatsamira khoma la pakhonde ndikuseka ndekha, ndikuganiza za mwana wanga ali kumapiri ndi mnzake. Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero ndi chisangalalo chimenecho, ndipo ndikudziwa kuti atandibwezera Lachitatu lija ndikanatumizanso.

Ndisanakatenge mwana kusukulu ndinaimbira kumudzi pa vidiyo. Anayankha ababa, atakhala pampando wawo wa pakhonde, foni ili pafupi kwambiri ndi nkhope monga mwa nthawi zonse. Nditawauza anavula chipewa n'kuthokoza Mulungu nthawi yaitali. Kenako anandiyang'anitsitsa.

"Koma iwe, ntchito yakeyi kwenikweni umachita chiyani? Anthu kutchalitchi amandifunsa, ine ndimasowa chowayankha."

"Ndi za makompyuta, ababa."

"Basi ndi zabwino. Uzigwira mokhulupirika, usalakwire munthu. Dikira ndikuitanire amayi ako, ali kuseri."

Anatsamiritsa foni pa kapu patebulo, ndipo ndinkawaona thupi lonse. Anaponda ndi mwendo wamanja, anaika chikhatho pabondo lamanja, anadzikankha, wamanzere n'kubwera pambuyo. Anayenda mapazi awiri mosamala. Kenako anacheukira pafoni, anaona kuti ndikuwayang'ana, ndipo anawongoka.