Khadi la Ntchito ya ku Mwazisi

Nditayamba ntchito pa kabungwe kena pa boma la Rumphi, anandiuza kuti miyezi yoyamba ndi yondiyesa. Ine wa ku Ntcheu, Chitumbuka changa chinkathera pa "yewo", ndipo mtima unali m'mwamba tsiku lililonse. Tinkakonza zida zotumiza uthenga pa foni za alimi njovu zikatuluka m'nkhalango ya Vwaza.

Sabata yatsopano ikamayamba tinkakhala pa tebulo kuyeza kulemera kwa ntchito iliyonse. Aliyense anali ndi makadi odula pa katoni ya sopo, olembedwa manambala, laling'ono la ntchito yopepuka, lalikulu la yolemera. Lamulo linali loti tonse tikweze nthawi imodzi, ndipo wosiyana ndi anzake afotokoze chifukwa. Koma kwathu kuno ndani angatsogole wamkulu? Mkulu wathu, bambo wa imvi wa ku Khondowe amenenso anali mkulu wa mpingo, ankati akagwira khadi, tonse maso pa zala zake ngati ana obera mayeso.

Tsiku lina inabwera ntchito yokamangirira chida ndi sola yake pa mtengo m'mphepete mwa nkhalango ku Mwazisi. Tonse tinkadziwa kuti yagwera ine. Ntchitoyo payokha inali yochepa, mawaya ndi mabawuti basi. Koma kunali koyenda pansi kuchokera pomwe njinga yamoto imathera, pakati pa chimanga chachitali, ndekha. Ine njovu ndimaiopa ngakhale ili pa chithunzi.

Ndinaona bwino kuti mkulu wagwira 3. Chala changa chinafika pa 3, koma chinapitirira. Titakweza, tebulo lonse linali 3, ine ndekha 13.

Mnzanga wina anaseka, nandifunsa ngati ndagwira khadi mozondoka. Mkulu sanaseke. Anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Mama, tiuzeni. Mwaonapo chiyani chimene ife sitikuona?"

Ndinafuna kunamizira netiweki kapena mvula. M'maganizo ndinaona kale basi yondibweza ku Ntcheu, ndi anthu akuti mtsikana uja analephera ntchito yomanga bawuti.

"Adada, ndikuopa njovu. Palibenso china."

Ndinayembekeza mawu oti ntchito sitiyeza ndi mantha. Mkulu anangoti tikwezenso, ndipo ulendo uno anabisa makadi ake pansi pa tebulo. Anthu anasowa poonera. Woseka uja anazengereza, n'kusintha khadi kawiri.

Titakweza, panalibenso 3 ngakhale mmodzi. Woseka uja anali ndi 13, maso ali pansi. Ananena motsitsa mawu kuti iye anatumidwako chaka chatha ndipo anabwerera panjira poopa njovu, kuofesi n'kudzanena kuti mlatho unakokoloka. Mwambo wathu unali woti ntchito ya 13 sapatsa munthu mmodzi, choncho anatilemba tonse awiri.

Tinapita Lachinayi. Pansi pa mtengo uja tinapeza ndowe za njovu zikadali zofunda, chimanga chitagona mbali zonse. Ndinamanga mabawuti, mnzanga atandifulatira, akuyang'ana kutchire. Sanandisekenso.

Miyezi yondiyesa itatha anandisunga. Makadi aja ndikadali nawo, ndipo la 13 lili ndi banga la thukuta pomwe ndinaligwira.