Chitsulo cha Kumphuno kwa Boti la a Chipeta

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene boti linafika pa shedi ya bambo anga pa Mzimba Boma. Inde, boti, ku Mzimba kumene ambiri nyanja tinkangoimva pa wailesi. Linabwera pa lole yochokera cha ku Edingeni yomwe inkadzatenga feteleza, ndipo tsiku limenelo ana a kumsika anasiya masewera n'kudzaunjikana kuti aone chinthu chachilendocho.

Ife kwathu ndi ku Dowa. Bambo anabwera ku Mzimba pa ntchito ya boma, ndipo itatha anatsegula shedi yowotcherera zitsulo kuseri kwa msika. Ankapanga ngolo, mafelemu a zitseko, zitsulo zotchingira mawindo ndi mageti. M'nyumba mwathu tinabadwa atsikana okhaokha, ine woyamba, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira ku shedi. Fungo la chitsulo chopsa lija ine linkandisangalatsa. Mayi ndiwo ankadana nazo kwambiri.

"Mtsikana wanji wonunkha dzimbiri?" ankatero. Anali atagwirizana kale ndi azakhali a ku Jenda kuti tchuthi chilichonse ndizikakhala kumeneko n'kumaphunzira kusoka. Bambo sanakane, koma anati tione kaye. Ndikagwira bwino ntchito imodzi pandekha ndikhala pa shedi, ndikalephera ndinyamuke wa ku Jenda. Ntchito imeneyo inali boti lija.

Mwini wake anali a Chipeta, bambo wamtali, woonda, wa imvi, wovala chipewa chong'ambika pamwamba. Ntchito yawo inali yowolotsa anthu pa mtsinje wa Rukuru m'dzinja, madzi akadzaza. Botilo linali lachitsulo, logulidwa ndi anthu a mpingo wakwawo. Chaka chapitacho madzi analiombetsa pa mtengo, ndipo chitsulo chogwirira cha kutsogolo kwake chinathyoka mbali imodzi, mbali inayo n'kupindika. Bambo anali ndi ngolo zambiri zodikira, poti mvula inali pafupi. Anandipatsa tepi ndi choko.

"Eneless, iyi ndi yako. Umve zimene eni ake akufuna, uyeze, ujambule, udule. Ine ndidzangowotcherera." Atatero anapita kuseri kukamenya ngolo.

A Chipeta anandifotokozera pang'onopang'ono, m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka. "Mwana wane, chikhale ngati chakalechi, mbwenu. Paipi yobulungira. Kutalika chifike apa." Anagwira bondo lawo. "Pamphuno penipeni usiye mpata. Wapulika?"

"Ndamva, adada."

Ndinamvadi, koma ndi makutu okha. Lole itanyamuka ndinayang'ana chitsulo chakalecho ndipo ndinachinyoza. Kanali kapaipi kachabechabe, kafupi, kodya dzimbiri, kopanda ngakhale duwa limodzi. Ine kumapeto kwa makope anga onse kunali kodzaza ndi zithunzi za mageti a anthu olemera, ndiye ndikonze kanthu kotere? Ndinadziuzanso kuti chitsulo chofika m'bondo sichingateteze munthu kugwera m'madzi, ndipo mpata wa pamphuno uja ndi ngozi yeniyeni kwa ana. Mumtima ndinkaona ngati ndikuwathandiza agogowo. Koma matama a mwana wa Sitandade 7, abale inu!

Ndinajambula pansi pa simenti mpanda wofika m'chiuno, wa zitsulo za makona anayi, wotseka konsekonse, wokhala ndi maluwa opotapota, ndipo pamwamba pake timikondo tosongoka. Bambo atadzaona anakanda m'mutu.

"A Chipeta ndi amene anena zimenezi?"

"Anati ndipange chabwino kuposa chakale," ndinanama osaphethira.

"Ine za maboti sindizidziwa. Ngati eni ake atero, chabwino."

Anawotcherera masiku awiri, ine n'kupaka penti yobiriwira. Aliyense wodutsa ankaima n'kuyamikira. Wina wogulitsa matayala a njinga anachita kunena kuti boti limeneli likuyenera kukwera bwanamkubwa. Masiku amenewo ndinkayenda ngati pansi sindikuponda.

Mvula inagwa yamphamvu sabata yoyamba ya Disembala, ndipo uthenga unabwera kuti mtsinje wayamba kudzaza. Bambo anali ndi chizolowezi chimodzi: katundu wamkulu ankakapereka okha, ndipo sankachoka mpaka amuone akugwira ntchito. Loweruka m'mawa tinakwera lole pamodzi ndi botilo. Ine ndinavala diresi langa la kutchalitchi, poganiza kuti ndikukalandira ulemu.

Tinapeza madzi ali ofiira, akuyenda mwakachetechete koma mwaliwiro, atanyamula zinyalala ndi nthambi. Kunkamveka fungo la dothi lonyowa ndi bango lowola. Pa doko panali anthu akudikira: amayi a matumba a chimanga opita kuchigayo, bambo wina wa njinga, ndi mayi wachikulire, a NyaTembo, amene mwendo wawo unali womanga bandeji. Ankapita kuchipatala kutsidya, ndipo anawaperekeza mwana wawo wamkazi ndi mkamwini wawo.

A Chipeta anazungulira botilo kawiri. Anakhudza kamkondo kamodzi ndi chala chachikulu, n'kuyang'ana chalacho.

"Chatowa chomene," anatero. Chitumbuka chimenecho ndinkachidziwa, ndiye kuti chakongola kwambiri, ndipo ndinatukumuka.

Amuna analikankhira m'madzi, a Chipeta n'kulitembenuza kuti mphuno yake itsamire pamchenga, kumbuyo kuli kozama. Apa mpamene ndinaona chinthu chimene sichinandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi. Pa doko lija panalibe thabwa kapena mlatho wokwererapo. Munthu aliyense ankakwera podzera pamphuno, chifukwa ndi pokhapo pamene panali pouma. Ndipo pamphunopo ine ndinali nditatsekapo ndi mpanda.

Woyamba anali mayi wa mwana kumsana. Anaima, anayang'ana uku ndi uku, kenako anakweza mwendo. Chitenje chinakodwa pa kamkondo n'kung'ambika, phwee! Anabwerera akuseka mwamanyazi, akudzikokera nsalu. Pamapeto pake iye ndi anzake analowa m'madzi mpaka m'ntchafu n'kukwerera cham'mbali, matumba a chimanga akuwapatsirana pamwamba. Koma a NyaTembo sakanatha kulowa m'madzi ndi bala lija, ndipo kulumpha mpanda sakanathanso. Mwana wawo yekha sakanawakweza. Panalibe kuchitira mwina. Bambo wa njinga anawagwira m'khwapa, mkamwini wawo anawagwira miyendo, n'kuwadutsitsa pamwamba pa timikondo tanga ngati thumba la feteleza.

Amene anakhalako kumeneko akudziwa kuti mkamwini ndi apongozi ake aakazi sakhudzana. Ngakhale kukhala pafupi sakhala, ndipo akamalankhulana amayang'ana kumbali. Mkamwiniyo anagwetsa nkhope, ndipo a NyaTembo atawakhazika anadziphimba kumaso ndi mpango wawo, osauchotsanso mpaka kutsidya.

"Msungwana, kwera nawe," a Chipeta anandiitana.

Kanali koyamba kukwera boti m'moyo mwanga. Titangochoka ndinaona kuti mphuno yazama chifukwa cha kulemera kwa zitsulo zanga, moti madzi ankakhavukira mkati n'kunyowetsa matumba. A Chipeta ankayendetsa ndi nsungwi yaitali yokankhira pansi, ndipo akafuna kuisamutsira mbali ina inkagunda mpanda, ngwe, n'kuchedwa. Madzi sankawadikira. Boti linayamba kuyenda chopingasa, ndipo m'malo mofika pa doko la kutsidya tinakakocheza kumunsi, m'bango. A Chipeta sanakalipe, sanandiyang'ane n'komwe. Thukuta lokha ndi limene linkatsika pansi pa chipewa chawo.

Titabwerera, bambo anali ataima pamchenga manja ali kumbuyo.

"Eneless, a Chipeta anakuuza chiyani tsiku lija?"

Ndinabwereza zonse: paipi yobulungira, kutalika m'bondo, mpata pamphuno.

"Ndiye kuti unamva."

"Ndinamva."

"Nanga?"

Ndinkangoona makina osokera a azakhali ku Jenda akundidikira, ndipo ndinadziwa kuti ndawayenera. Ndinkayembekeza khofi, koma chimene bambo anachita chinandipweteka kuposa khofi. Anavula chipewa, ananjuta pamaso pa a Chipeta, anthu onse akuona, n'kuomba m'manja.

"Pepani, adada. Mwanayu wanama, ndipo zimenezo tikakamba kunyumba. Koma amene anawotcherera osakufunsani ndine."

"Palije kanthu, adada, dzukani," a Chipeta anayankha. "Mwanayu manja ali nawo. Kumtsinje ndi kumene anali asanafike."

Bambo anatsegula chikwama chawo cha zipangizo, anatulutsa sowo yodulira zitsulo n'kundipatsa. Kumtsinje kulibe magetsi. Mpandawo unali ndi miyendo isanu ndi itatu, ndipo uliwonse ndinayenera kuudula ndi manja. Iwo anakakhala pansi pa mkuyu.

Boti silikanasiya ntchito chifukwa cha ine, choncho ndinkadula likakhala tsidya lino, likachoka ndinkakhala pamchenga kudikira. Dzuwa la pakati pa mvula linkaotcha kumsana. Pofika mwendo wachitatu m'manja munali matuza, pofika wachisanu anaphulika, ndipo diresi la kutchalitchi lija linali litadetsedwa ndi penti ndi matope. Ndinalira pang'ono, koma mobisa. Mpandawo unagwa cha m'ma folo koloko, ndipo mphuno ya boti inadzuka m'madzi ndikuona.

Lole inali isanabwere kudzatitenga, ndiye ndinakhala n'kumayang'ana anthu akukwera. Aliyense poponda pamphuno ankawerama, dzanja n'kufunafuna chogwira chapansi, pamene panali paipi yakale ija. Ana akakhala pansi, manja awo ankafika pomwepo. Ndinalimba mtima n'kupita kwa a Chipeta.

"Adada, chifukwa chiyani paipi yobulungira?"

Anandionetsa chingwe chomangira boti. Chitsulo cha makona chimadya chingwe, anatero, ndipo dzanja lonyowa likachigwira mwadzidzidzi chimacheka. Ndinafunsanso zina, iwo n'kumayankha mosatopa, ine ndikulemba zizindikiro ndi choko pa boti. Zonsezo akanandiuza tsiku loyamba lija ndikanangofunsa.

Kunyumba za bodza zinakambidwadi, ndipo sindizibwereza pano. Mayi anachapa zovala zanga n'kuziika m'chikwama cha ulendo, chikwamacho n'kuchikhazika pakona pamene ndinkachiona tsiku lililonse. Bambo za ku Jenda sananene kanthu, kuvomera kapena kukana. Anangondionetsa mmene amapindira paipi: kuidzaza mchenga wouma, kutseka kumapeto, kuitenthetsa, n'kuikhotetsa pang'onopang'ono pa gudumu la ngolo kuti isaphwanyike. Ndinaononga imodzi, yachiwiri inatheka. Tinapanga zidutswa ziwiri, cha kumanzere ndi cha kumanja, n'kuboola mabowo a mabawuti, poti boti silikanabweranso ku Boma.

Loweruka lotsatira tinakazimanga pa boti. Zinali zopanda duwa, zopaka penti yofiira yoteteza dzimbiri basi. Palibe amene anayamikira. Mayi wina wa ndowa pamutu ndi mwana kumsana anadutsa pampata paja, dzanja lake linagwera pa paipi osayang'ana n'komwe, akupitiriza nkhani ndi mnzake. A Chipeta anakankha, nsungwi inadutsa pamwamba osagunda, ndipo boti linalunjika pa doko la kutsidya. Atabwerera anati, "Yewo, msungwana." Yewo ndiye zikomo m'Chitumbuka.

Pobwerera tinayenda kamtunda kukafika pamsewu. Mtima unali m'mwamba, koma kufunsa ndinkaopa. Tili pafupi kufika, bambo analankhula akuyang'ana kutsogolo.

"Lolemba kubwera a Moyo ndi ngolo yawo yothyoka. Usanagwire choko, uwafunse za ng'ombe zawo ndi msewu wakwawo. Ufike seveni isanakwane."

Ndi mmene ndinadziwira kuti ndatsala. Mayi anamasula chikwama chija akung'ung'udza kuti m'nyumba muno mawu awo ndi mphepo.

Lero shediyo ndikuyendetsa ndine, ndipo ndili ndi achinyamata amene ndikuwaphunzitsa. Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaikamba moseka, ngati ya mwana amene anamangira boti geti. Koma ndikamakula ndikuona kuti sindinakane mawu a a Chipeta chifukwa anali ovuta. Ndinayang'ana chipewa chawo chong'ambika, ndinamva Chichewa chawo chopunduka, ndipo ndinaganiza kuti mwana wa pa Boma wodziwa kuwerenga tepi akudziwa boti kuposa munthu amene amagwiramo ntchito dzinja lililonse. Matuza anapola sabata isanathe, shedi ndinaipeza, bambo anandikhululukira. Amene analipira kudzikuza kwanga ndi munthu amene sanalakwe kanthu. A NyaTembo sindinawaonenso, ndipo sindinawapepese. Ndinali pafupi nawo m'boti muja, ulendo wonse, iwo atadziphimba kumaso, ine ndikudandaula za ku Jenda.